Mpando wakutsogolo m'ndege yonyamukira ku Lusaka

Abale a kumudzi amene amabwera kudzakwerera ndege kuno ku Lusaka amakonda kundifunsa ngati n'zotheka kuti munthu amene wagula kale tikiti asamukire kutsogolo, ku mipando ya first class. N'zotheka ndithu, ndipo ine ndinakhalako pa ulendo wina wa kuntchito wopita ku Guangzhou, mzinda wa ku China, kudzera ku Dubai, koma munthu ayenera kudziwa chimene akugula asanatulutse ndalama yake.

Ndege za Emirates zinayamba kutera ku Lusaka mu 2012, ndipo za Qatar Airways zinayamba mu 2021, chaka chimene nyumba yatsopano ya pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda inatsegulidwa. Makampani awiriwa safika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'chifukwa chake amalonda ena akwathu amadutsa pa Mwami, n'kukwera basi ku Chipata, n'kuyenda mtunda woposa makilomita 550 pa msewu wa Great East kuti adzakwerere kuno. Ndege ya Emirates yopita ku Dubai imayambira ku Harare, imatera ku Lusaka, kenako imanyamuka usiku n'kuuluka pafupifupi maola 7. Popeza nthawi ya ku Dubai ili patsogolo ndi maola awiri, munthu amafika kutacha, usiku wake utafupika. Amene wachezera m'basi n'kudzachezeranso pampando wopanikiza amafika mutu uli ziii, ndipo m'pamene maganizo a mpando wakutsogolo amayambira.

Si ndege iliyonse ili ndi first class. Ku Ethiopian Airlines malo apamwamba kwambiri ndi business class, imene iwo amaitcha Cloud Nine, ndipo ku Kenya Airways nakonso business ndiye pothera. Kumene zigawo zonse zilipo, kawirikawiri munthu amaloledwa kukwera sitepe imodzi yokha, kutanthauza kuti wa economy, mipando wamba yakumbuyo, amafika ku business, ndipo wa business ndiye angafike ku first. Ine ndinafikako chifukwa ofesi yathu, imene nthawi zonse imatigulira economy, ulendo umenewo inagula business poti tinali ndi msonkhano titangofika, ndiye ndinawonjezerapo mamailosi, mapointi amene kampani ya ndege imapatsa munthu akamayenda nayo, amene ndinali nditasunga kwa nthawi yaitali.

Mamailosi amenewa ndi njira imene anthu akwathu amainyalanyaza kwambiri. Kulembetsa ku Skywards ya Emirates, ShebaMiles ya Ethiopian kapena Privilege Club ya Qatar n'kwaulere, koma ambiri amagula matikiti kudzera kwa maejenti osapereka nambala yawo, ndipo maulendo a zaka zambiri amangopita padera. Dziwaninso kuti tikiti yotchipa kwambiri imabweretsa mamailosi ochepa ndipo nthawi zambiri saloledwa kuikweza, komanso kuti mamailosi a Skywards amatha mphamvu pakapita zaka pafupifupi zitatu. Njira zina ndi za ndalama: kampani imatha kutumiza uthenga kutatsala masiku ochepa, yonena mtengo kapena yopempha kuti mutchule ndalama imene mungathe kuwonjezera, ndipo amene atchula zambiri ndiwo amatengedwa ngati mipando yatsala. Munthu angathenso kufunsa pa kauntala popereka katundu. Kulipira kwake kumakhala kwa khadi, choncho ochokera kumudzi ayambe afunsa ku banki yawo ngati khadiyo ingalipire kunja ndalama yochuluka chotero, pakuti vuto la ndalama zakunja tonse tikulidziwa. Zoti ukavala suti n'kumwetulira pa kauntala akupatsa mpando wakutsogolo kwaulere ndi nkhambakamwa chabe. Kusamutsa kwaulere kumachitika kumbuyo kukadzaza mopitirira, ndipo amayambira anthu amene amayenda kawirikawiri ndi kampaniyo.

Mu Boeing 777 imene ndinakwera, kumbuyo anthu amakhala khumi pamzere umodzi, pamene ku first class mzere unali wa anthu anayi okha, aliyense m'kachipinda kake kokhala ndi chitseko chotsetsereka. Nditangokhala pansi anandipatsa khofi wa Chiarabu m'kakapu kakang'ono pamodzi ndi zipatso za kanjedza, kenako anabweretsa zovala zogonera ndi masilipasi. Chakudya sichinabwere pa ngolo monga timazolowera kumbuyo. Mayi amene ankatisamalira anati ndiitanitse nthawi iliyonse imene ndafuna, ndipo atayala nsalu yoyera patebulo anaika mbale zadothi ndi mipeni yachitsulo. Panali ngakhale mazira a nsomba amene azungu amawatamanda kwambiri, omwe kwa ine anangokhala amchere basi. Chimene ndinachiyamikira ndi pamene mayiyo anafunsa kuti, "Bambo, ndikuyalireni tsopano?" Anagonetsa mpandowo mpaka kukhala bedi lathyathyathya, n'kuyalapo kamatiresi ndi gombeza lofewa, ndipo nditatseka chitseko ndinagona tulo tenitweni mpaka anadzandidzutsa tili pafupi kutera. Malo osambira amene anthu amawaona pa intaneti ali mu ndege zazikulu za A380, osati mu imeneyi.

Nditaona zigawo zonsezi, maganizo anga ndi akuti phindu lalikulu lili pakati pa economy ndi business, chifukwa m'pamene munthu amasiya kugona chokhala n'kuyamba kutambasula miyendo. Kuchoka ku business kupita ku first umapeza chitseko, bata ndi ulemu wowonjezera, zinthu zokoma ndithu, koma ukafika m'mawa thupi silisiyana kwenikweni ndi la mnzako amene anagona ku business. Ulendo wa usiku wa maola 7 ndi waufupi moti ukasankha kugona, zakudya ndi zakumwa zodula zija umaziphonya, ndipo ukasankha kudya, tulo umene unalipirira suupeza wokwanira. Mamailosi amene ndinawononga pa usiku umodziwo akanatha kundichotsa ku economy kupita ku business pa ulendo wina, ndipo wondifunsa lero ndingamuuze kuti achite zimenezo.

Pali zinthu ziwiri zimene amalonda ayenera kufunsa asanalipire. Kukweza tikiti kumakhala kwa gawo limodzi la ulendo, kotero kuti amene walipira kuchoka ku Lusaka kukafika ku Dubai kapena ku Doha amabwerera pa mpando wake wakale pa ndege yachiwiri, imene mwina ndiyo yaitali kuposa yoyamba. Chinanso ndi katundu. Pa maulendo ambiri ochokera kuno, tikiti ya economy imalola masutukesi awiri a makilogalamu 23, pamene ya business ndi first imalola awiri a makilogalamu 32. Pa ulendo wina ndinaima pamzere kumbuyo kwa mayi wina wogulitsa nsalu ku msika wa Kamwala kuno ku Lusaka, amene ankafuna kuwonjezera ndalama poganiza kuti zimuthandiza ponyamula katundu wake. Wa pa kauntala anamufotokozera mwaulemu kuti, "Mayi, mpando musintha, koma katundu akhala monga mwa tikiti imene munagula poyamba." Mayiyo anabweza khadi yake m'chikwama. Malamulo amenewa amasiyana malinga ndi kampani komanso njira imene mwakwezera tikiti, ndipo n'chimodzimodzi ndi chipinda chodikirira cha anthu a mipando yakutsogolo, chimene ena amaloledwa kulowamo ndipo ena ayi. Wofuna malo a katundu nthawi zambiri amapindula pogula makilogalamu owonjezera pa intaneti ulendo usanafike.

Kwa m'bale wochokera ku Mchinji kapena ku Lilongwe amene ndalama yake ndi mpamba wa bizinesi, ndimalangiza kuti afike ku Lusaka tsiku limodzi ndege isananyamuke, agone bwino kwa abale kapena pa nyumba ya alendo, ndipo alipire kandalama kochepa kosankhira mpando wa pafupi ndi khomo lotulukira pangozi, pamene pamakhala malo otambasulira miyendo. Mpando umenewu amapatsa munthu wamkulu wathanzi, wosanyamula mwana, amene angathe kuthandiza pakagwa ngozi, ndipo umatha msanga, choncho ausankhe tsiku lomwelo limene akugula tikiti.