Opinel No. 8: mpeni wopinda wa mtengo wosaboola m'thumba

Ngati mukufuna mpeni wopinda woti muziyenda nawo tsiku ndi tsiku, koma simukufuna kuwononga ndalama zambiri, ine ndikupangirani Opinel No. 8. Ndakhala nawo kwa zaka zingapo tsopano ndipo sunandikhumudwitsepo. Ntchito yanga ndi yogula mbewu m'midzi n'kukagulitsa m'tauni, choncho mpeni sundichoka m'thumba: kudula ulusi wosokera matumba, kudula chingwe cha nayiloni pomanga katundu pa lole, kusenda nzimbe kapena chinangwa ndikakhala panjira, nthawi zina kutumbula nsomba tikagula m'mbali mwa msewu.

Anthu ambiri akamasankha mpeni amayang'ana maonekedwe. M'misika muli mipeni yambiri yakuda bii, yokhala ndi mano ngati sowo kumunsi kwake, mabatani, ndi zithunzi za zinkhanira pa chigwiriro. Ndinagulapo umodzi wotere. Chitsulo chake chinali chokhuthala kwambiri moti posenda mango chinkang'amba m'malo modula, ndipo pasanapite nthawi tizitsulo togwira pamalo opindirapo tinayamba kugwedera. Mpeni wa tsiku ndi tsiku umafuna zinthu zitatu basi: chitsulo chonoleka mosavuta, chopyapyala mokwanira kuti chizilowa m'chinthu bwinobwino, ndiponso loko yoti mpeniwo usapindike n'kukudula zala. Zina zonsezo ndi zokongoletsa.

Opinel ndi mpeni wa ku France. Anauyamba ndi Joseph Opinel mu 1890 m'dera la mapiri la Savoie, ndipo mpaka lero umapangidwa m'dera lomwelo, mu mzinda wa Chambéry. Poyamba unali mpeni wa alimi ndi abusa a ziweto, ndipo ukauona umaonekadi choncho. Chigwiriro ndi cha mtengo wa beech, chozungulira, chopanda sikuluwu ngakhale imodzi. Pa chitsulo pamakhala chizindikiro cha dzanja lokhala ndi chisoti chachifumu pamwamba pake. Mipeniyi imadziwika ndi manambala malinga ndi kukula kwake. No. 6 ndi waung'ono, chitsulo chake ndi masentimita 7, No. 8 ndi masentimita 8.5, No. 10 ndi masentimita 10. Kwa ine No. 8 ndiye wapakatikati wabwino. Umadzaza dzanja la munthu wamkulu koma umalemera pafupifupi magalamu 45 okha, moti m'thumba la thalauza umaiwalika kuti ulimo.

Chomwe chinandikopa kwambiri ndi mmene umadulira. Chitsulo chake n'chopyapyala ndipo chimapita chikuchepa pang'onopang'ono kuchokera kumsana mpaka kumbali yakuthwa. Tomato wakupsa umamudula osamufinya. Anyezi, kabichi, papaya, zonse zimangopita. Pa chingwe cha nayiloni, chija chimavuta ndi mpeni wobuntha mpaka kumachita kuchiwotcha ndi machesi, apa kukoka kamodzi kwatha. Ndimasongolanso nawo zikhomo ndi mapensulo a ana, ndipo pa mtengo wofewa umasema mosalala kuposa mipeni ina yodula kwambiri imene ndinagwirapo kwa anzanga.

Loko yake ndi yosavuta kumvetsa. Pakhosi pa chigwiriro pali kamphete kachitsulo kamene amakatchula kuti Virobloc, kamene Marcel Opinel, mwana wa Joseph, anakayambitsa mu 1955. Ukatsegula mpeni umatembenuza kampheteko ndi chala, ndipo chitsulo sichingabwerere. Kuyambira mu 2000 anakakonza kuti kazithanso kutseka mpeniwo ukakhala wopindidwa, zomwe ndi zofunika kwa ife amene timauika m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo, komanso pakhomo pamene pali ana. Mulibe sipuling'i yoti ithyoke kapena batani loti lidzaze mchenga. Fumbi likalowa, kungopemerera ndi kupukuta. Koma dziwani kuti mpeniwu umafuna manja onse awiri potsegula. Ngati ntchito yanu ndi yoti dzanja limodzi limakhala litagwira chinthu nthawi zonse, mwachitsanzo muli pamwamba pa makwerero, zimenezi zikhoza kukutopetsani.

Pogula muyenera kusankha pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo apa m'pamene muyenera kuganiza mofatsa. Pali wolembedwa kuti Carbone, wa chitsulo cha kaboni chotchedwa XC90, ndipo pali wolembedwa kuti Inox, wa chitsulo chosachita dzimbiri cha Sandvik 12C27 chochokera ku Sweden. Wanga ndi wa kaboni. Ubwino wake ndi wakuti umanoleka msanga kwambiri. Mwala wonolera wa m'sitolo ya hadiweya ndi wokwanira, ndipo ndikakhala kumudzi ndimangounola pansi pa kapu yadothi, paja posapakidwa utoto, kenako n'kuusisita pa lamba wachikopa. Pakapita mphindi zochepa umameta ubweya wa pamkono. Koma chitsulo cha kaboni ndi chitsulo cha kaboni, chilichonse chimatero: mukadula ndimu, chinanazi kapena bango losapsa chimada pomwepo, ndipo mukachisiya chonyowa usiku umodzi m'mawa mupeza madontho a dzimbiri. Kudako si vuto, chifukwa mtundu wotuwa umene umabwera umathandiza kuteteza chitsulo. Dzimbiri lofiira ndiye loipa. Mankhwala ake ndi kupukuta mukangomaliza ntchito ndi kupaka kadontho ka mafuta ophikira mwa apo ndi apo.

Choncho ngati mumakhala kunyanja, kapena mpeni wanu ukhala wa zipatso ndi nsomba kwambiri, kapena mukudziwa kuti simungapeze nthawi yousamalira, tengani Inox. Umathwa bwino ndithu, umangofuna kupirira pang'ono pounola. Munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay amene amakhala pa madzi tsiku lonse sindingamulangize wa kaboni.

Chigwiriro chamtengo chilinso ndi khalidwe lake. M'dzinja, mpweya ukakhala wa chinyezi, kapena mpeni ukanyowa, mtengo umafufuma n'kupana chitsulo moti kuchitulutsa ndi chikhadabo kumavuta. Eni ake ku Savoie ali ndi njira yawo: umagwira mpeni chakukhosi n'kugogoda kumapeto kwa chigwiriro pa tebulo, ndipo nsonga imatulukira yokha pang'ono. Zimagwiradi ntchito. Ine ndinauumitsa bwino padzuwa n'kupaka Vaseline m'kati mwa pamalo opindirapo, ndipo kuchokera pamenepo vutoli linachepa kwambiri. Musauviike m'beseni limodzi ndi mbale. Ndipo musaugwiritse ntchito ngati chotsegulira zitini za penti kapena sukuludiraiva, chifukwa kupyapyala komwe kumaupangitsa kudula bwino n'komwenso kumachititsa nsonga kuthyoka ikakakamizidwa chammbali.

Ndikudziwa kuti ambiri afunsa za Okapi, chifukwa ndiwo mpeni wopinda umene azibambo athu ambiri ankabwera nawo kuchokera ku Joni. Nawonso ndi wabwino ndipo ndi wotchipa kuposa Opinel. Unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, cholinga chake chinali kugulitsidwa kuno ku Africa, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Chitsulo chake ndi cha kaboni chofewerapo, ndipo umatsekuka ndi kaphokoso kaja ka tche tche tche, pomwe popinda umakoka kamphete kakumsana. Pa ntchito zolimba za kumunda kapena kuzinga mbuzi, Okapi wamkulu amachita bwino. Chimene chinandisiyanitsa nawo ndi chakuti ndi wautali m'thumba, komanso m'matauni a ku South Africa dzina lake linaipitsidwa ndi zigawenga, moti kungoutulutsa pagulu anthu amakuyang'ana mokayika. Opinel, ndi chigwiriro chake chamtengo wowala, anthu amangouona ngati mpeni wosendera zipatso. Kwa munthu amene amagwira ntchito pakati pa amayi ogulitsa nyemba ndi mtedza, zimenezi n'zofunika. Sindifuna kuti wina achite mantha ndikamadula ulusi wa thumba.

Victorinox wa ku Switzerland, uja wofiira wokhala ndi mtanda woyera, ndi woyenera kwa munthu wa mu ofesi amene amafuna sizasi, chotsegulira mabotolo ndi sukuludiraiva pamalo amodzi. Koma ndi wodulirapo, abodza ake ndi ambiri m'misika, ndipo chigwiriro chake chaching'ono chimapweteka m'manja ukamadula kwa nthawi yaitali.

Za mtengo, ku Ulaya Opinel No. 8 wamba safika ma euro 20. Wanga anandibweretsera mlamu wanga, ndipo njira yotere, kapena kuitanitsa kudzera m'masitolo a zida za kutchire ku South Africa, ndiyo ndimaikhulupirira. Mukaupeza kwa munthu pamsewu, yang'anani chizindikiro cha dzanja chija ndi dzina la Opinel pa chitsulo, nambala yodindidwa bwino pa kamphete, ndipo tembenuzani kampheteko muone ngati kakugwira molimba popanda kugwedera.

Abale amene muli ku Britain samalani ndi lamulo. Kumeneko mpeni wopinda umene munthu angayende nawo popanda chifukwa chapadera ndi wa chitsulo chosapitirira mainchi 3 (pafupifupi masentimita 7.6) komanso wopanda loko. No. 8 umalephera pa zonse ziwiri, choncho usiyeni kukhitchini kapena m'bokosi la zida. Manambala ang'onoang'ono, kuyambira No. 5 kutsika m'munsi, alibe kamphete ka loko ndipo ndi amene angakuyenereni. Pokwera ndege, kaya ndi pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport, uikeni m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, apo ayi mudzausiya pachipata.

Pa nyenyezi zisanu ndikuupatsa zinayi ndi theka. Theka linalo ndachotsa chifukwa ulibe kachitsulo kokolekera pa thumba ndipo umafuna chisamaliro m'nyengo ya mvula. Wachiwiri ndaitanitsa kale, wa Inox, woti mayi a kunyumba azitenga popita kumunda.