Probox ya manual yoitanitsa ku Japan: galimotoyo ndilibe nayo mawu, vuto ndi ajenti amene anandibweretsera

Ndadikira miyezi isanu ndi itatu ndisanalembe izi, kuti mtima uyambe watsika komanso galimotoyo iyambe yalawa mvula ya kwathu kuno. Ndimakhala ku Masambanjati, ndili ndi golosale, ndipo ndimapikula mapeyala ndi nthochi kukagulitsa ku Limbe. Amene mumadziwa misewu yolowera m'midzi ya kuno chiperoni chikagwa simungafunse chifukwa chimene ndinakakamirira ya manual. Dothi lofiira lija likanyowa limaterera ngati therere. Pa mtsetse ndimafuna ndiike giya yachiwiri injini izigwira yokha, osati kuponda mabuleki mpaka anunkhe. Batire ikafooka m'mawa, anyamata awiri akakankha galimoto yadzuka. Automatic simungaidzutse choncho.

Ndinazungulira ogulitsa galimoto ku Limbe ndi ku Blantyre milungu iwiri. Sienta, Vitz, Freed, zonse automatic. Ya manual imodzi imene ndinaipeza inali itatheratu ndi ntchito ya taxi. Ku Japan komweko anthu ambiri anasiya kalekale magiya apamanja, ndiye zimene zimabwera kuno ndi zomwezo. Probox ya magiya asanu ndi ija yakale, yopangidwa kuyambira 2002 mpaka 2014; yatsopano yonse ndi CVT, mtundu wa automatic. Kufuna manual ndiye kuti mwavomera galimoto ya zaka zambiri, ndipo ku MRA galimoto ikakhala yakale msonkho umakwera. Ndinavomera zonsezo.

Ajentiyu anandipezera ndi mlamu wanga. Tsiku loyamba lomwe anayamba kundinyengerera kuti "madala, manual ndi zachikale, tengani automatic mupumitse mwendo." Ndinakana. Patapita masiku ananditumizira zithunzi za Probox yoyera bwino, akuti ndi imeneyi. Mwayi wake makaniko wanga wa ku Luchenza anali atandiuza kuti ndiziyang'ana pa pepala la okushoni: akalemba F5 ndiye magiya asanu apamanja, akalemba FAT ndi automatic. Pa pepala lija panali FAT. Nditamufunsa anati wasokoneza ndi ya kasitomala wina. Pamenepo ndikanachoka, koma ndinaona nkhope ya mlamu wanga.

Yachiwiri inali yoona: ya 2013, injini ya 1.5, F5. Madola 3,400 mpaka pa doko la Dar es Salaam, ndipo mukudziwa nokha mmene dola inalili kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sitima inatenga milungu isanu ndi umodzi.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Ndinamuuza ajentiyo katatu konse, kawiri pa foni, kamodzi maso ndi maso mu ofesi mwake, kuti dalaivala wokatenga galimotoyi ku Dar akhale munthu wozolowera manual. Kuchokera pa doko kukafika pa Songwe ndi makilomita oposa 900, pali phiri la Kitonga musanafike ku Iringa, ndipo mukalowa m'dziko muno Chiweta akukudikirani. Anandiyankha kuti, "Madala, musadandaule, ndili ndi mkulu wina wayenda msewu umenewu zaka khumi." Ndinalipira ndalama ya dalaivala yonse, ya mafuta, ya chakudya, osachotsera ngakhale tambala.

Usiku wachitatu, cha m'ma 11, foni inalira. Mawu a mwana. "Bambo, ndili pa Chiweta, galimoto ikulira koma sikukoka." Ndinadzuka n'kukhala pa mphepete mwa bedi, mayi akunyumba akundifunsa kuti kwagwanji. Ndinamuuza mnyamatayo aimike pambali, adikire kuti izizire, akwere pang'onopang'ono pa giya yoyamba, phazi alichotseretu pa kilatchi. Sindinagonenso mpaka kunacha.

Itafika ku Limbe, ndisanatsegule n'komwe chitseko, fungo linandilandira. Amene munapserezapo kilatchi mukulidziwa, ngati nsanza zopsa zosakaniza ndi labala. Wotsika pa chiwongolero anali mnyamata wa zaka ngati 22, maso ali psuu ndi tulo. Ndinaiyendetsa ndekha kulowera ku Chigumula: giya yachinayi, ndikaponda mafuta injini ikukuwa, liwiro osawonjezeka. Ndinaima n'kumufunsa modekha kuti, "Mwana wanga, manual unayendetsapo kangati?" Sanabise. Anati ku sukulu yoyendetsa galimoto basi, kuyambira pamenepo ma IT onse, galimoto zoitanitsa kunja zija, amene wabweretsa ndi automatic. Pa Kitonga anakhala pa mzere kumbuyo kwa mathiraki, ndipo poopa kubwerera m'mbuyo ankaigwira galimoto ndi kilatchi m'malo mwa handibuleki, ulendo wonse phazi lili pomwepo. Mkulu wa zaka khumi uja anali atapatsidwa galimoto ina ya ndalama zambiri.

Ndinabwerera ku ofesi. Ajentiyo sanadzuke n'komwe pampando. Akuti galimoto zakale zimabwera choncho, kilatchi inatha kale ku Japan, iye sangalipire zinthu za galimoto ya zaka 11. Ndinamukumbutsa zimene tinapangana, iye n'kumaseweretsa foni. Ine munthu wamkulu, ndagulitsa ng'ombe ziwiri, ndatenga ngongole ku banki mkhonde ya mayi akunyumba, kuima ngati wopempha pamaso pa munthu amene ndamulipira. Masiku asanu ndi anayi otsatira foni yanga sanayankhe.

Makaniko wa ku Luchenza atatsitsa giyabokosi anandiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. Mbale ya kilatchi inali yakuda bii, fulayiwilo ili ndi mabala abuluu a moto, phulusa lake likadali latsopano. Anati kilatchi yotha ndi ukalamba imaperepeseka pang'onopang'ono, siipsa chonchi. Ndinajambula zonse, ndinatumiza pa WhatsApp kwa ajenti ndi kwa mlamu wanga, kenako tinapita awiri.

Apa ndinene chilungamo. Ataona zithunzizo, mlamu wanga ali pomwepo, anagula kilatchi yonse yatsopano, ine ndinalipira makaniko. Kupepesa sanapepese mpaka lero. Koma mapepala ake anali oyera: msonkho unatuluka pafupifupi mmene anawerengera, ku Road Traffic sindinabwezedwe ngakhale kamodzi, nambala ya TO, ya kwathu ku Thyolo, inatuluka msanga. Makilomita a pa pepala la okushoni anafanana ndi a pa galimoto. Ndamva anzanga akulira ndi maajenti othawa ndi ndalama yonse, uyu sanandibere. Mnyamata uja ndilibe naye chifukwa, anangotumidwa. Anandiimbira yekha patapita sabata kufunsa ngati galimoto yakonzeka, chimene abwana ake sanachite.

Galimotoyo payokha yandisangalatsa koposa mmene ndinkayembekezera. Ndagoneka mipando yakumbuyo n'kudzaza matumba a mapeyala mpaka kudenga, yakwera zitunda za ku Makwasa osadandaula. Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse ndinatsika nayo njira ya kumunda kwa apongozi anga, kumene njinga zamoto zokha ndi zimene zimalimba mtima, giya yachiwiri, osakhudza buleki, ndipo ndinatulukako. Injini yake ndi 1NZ, yomwe ija ya mu Corolla ndi Fielder, ndiye zipangizo ku Limbe n'zosasowa. Mafuta imamwa mwaulemu. Chodandaula n'chakuti mipando ndi yowuma, ulendo wa ku Lilongwe msana umamva, ndipo ikakhala yopanda katundu imadumpha m'mabampu.

Galimotoyo ndaipatsa nyenyezi zisanu, ajentiyo ziwiri, za mapepala aja. Mng'ono wanga wa ku Thekerani akufuna yake ya manual chaka chino. Ndamuuza kuti akhoza kuitanitsa kudzera kwa munthu yemweyo ngati akufuna, koma sitima ikangofika ndikwera basi ndekha mpaka ku Dar, makiyi akandipatse ine m'manja.