Nextcloud ku Mzuzu: seva yanuyanu kapena ya lendi?

Nextcloud ndi pulogalamu yaulere yosungira mafayilo pa intaneti, ndipo laisensi yake ya AGPL siletsa kulipiritsa anthu powasungira zinthu zawo. Nkhani yagona poti seva, kompyuta yosunga mafayilowo, ikhale kuti.

Mukaika kompyuta yanu ku Luwinga, mwagula kamodzi basi, mafayilo a makasitomala ali pafupi. Koma magetsi akazima mulibe sola ndi mabatire, ofesi ya ku Katoto yomwe imakulipirani pa Mpamba sipeza malisiti ake, foni n'kuyamba kulira. Disiki ikafanso, mlandu ndi wanu.

Ya lendi, monga ya kampani ya Hetzner ku Germany, kuzima kwa magetsi kwathu kuno sikuikhudza. Chopweteka ndi bilu: mwezi uliwonse imafuna ndalama zakunja, inu mukutolera makwacha. Komabe poyamba kumene, makasitomala akadali ochepa, ine ndingatenge ya lendiyo.