Chaka chatsala pang'ono kukwana ndikukulitsa zilembo pa laputopu

Laputopu yanga ndi ya mainchesi 14, ili ndi Windows 11, ndipo sikirini yake ndi ya 1920 x 1080. Pa kasikirini kotere zilembo zimachepa kwambiri, moti munthu umapezeka waweramira kutsogolo osadziwa, madzulo khosi ndi maso zikuwawa. Kwa miyezi yonseyi ndayesa njira zosiyanasiyana zokulitsira. Imene yandithandiza kwambiri ndi ija umaikonza kamodzi n'kuiiwala.

Njira yake ndi Scale, imene imapezeka mukalowa mu Settings, kenako System, kenako Display. Imakulitsa zonse pamodzi: zilembo, mabatani, tizithunzi ta mapulogalamu. Ine ndinakhazikika pa 150%. Pali chimene mumataya, ndipo ndi bwino kuchidziwa musanasinthe. Pa 150% malo ogwirira ntchito amatsala ngati a sikirini ya 1280 x 720, choncho mu Excel mizere yooneka imachepa, ndipo kuika mawindo awiri moyandikana kumakhala kopanikiza. Pa 125% malo amachuluka koma maso anga amatopa msanga. Pakati pa malo ndi maso, ndinasankha maso.

Anthu ena amatsitsa resolution, kapena kuti nambala ya timadontho topanga chithunzi pa sikirini, poganiza kuti n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. Sikirini ya laputopu ili ndi nambala yakeyake ya timadontho timene inapangidwa nato, ndipo mukaipatsa nambala yocheperapo, chithunzi chimangotambasulidwa, zilembo n'kumaoneka mwachimbuuzi. Scale imasiya resolution momwe ilili n'kulemba chilembo chilichonse ndi timadontho tambiri, n'chifukwa chake chimakula koma chikuonekabe bwino. Mapulogalamu akale okha ndi amene amavuta. Ndili ndi ina yowerengetsera ndalama imene inalembedwa masikirini otere asanafale, ndipo imangotambasulidwa ngati chithunzi. Kudina kumanja pa fayilo yake, kulowa mu Properties, Compatibility, n'kusintha za high DPI kunachotsa chimbuuzicho, koma timabatani take tinatsala tating'ono. Ndinavomereza zimenezo.

Patapita miyezi ingapo ndinawonjezera Text size, imene ili mu Accessibility. Iyi imakulitsa zilembo zokha, mpaka 225%, osakhudza zina. Kungoikweza pang'ono kunakwanira. Mukapitirira muyeso, mawu ena amadukira m'mabokosi awo.

Pa intaneti ndi pamene zala zanga zinazolowera kwenikweni. Ctrl ndi + amakulitsa tsamba, Ctrl ndi - amachepetsa, Ctrl ndi 0 amabwezera pa 100%. Chimene ndimakonda n'chakuti Chrome imakumbukira muyeso wa webusaiti iliyonse payokha. Ya nkhani imene ndimawerenga nthawi yaitali imatseguka kale pa 125%, pomwe ya imelo ili momwe inalili. Mu Word namonso ndimakulitsa momasuka, chifukwa kukulitsa koteroko sikusintha kukula kwa zilembo zotuluka papepala. Ndaonapo anthu akukweza font mpaka 18 kuti aone bwino, kenako kalata ya tsamba limodzi n'kutuluka masamba awiri.

Nanga Magnifier, pulogalamu ya mu Windows imene imakulitsa zooneka pa sikirini ngati galasi lokulitsira zinthu? Imatseguka ndi batani la Windows ndi +, imatsekedwa ndi Windows ndi Esc. Ndi yamphamvu, ndipo kwa munthu amene maso ake saona bwino kwenikweni ndikhulupirira ndi yofunika kwambiri. Kwa ine si ya tsiku lonse. Ikadzaza sikirini, mumaona gawo lokha la tsamba, ndipo chithunzi chonse chimayenda motsatira mausi, zomwe zimandipatsa chizungulire ndikakhalitsa. Zinthu ziwiri zinaisandutsa yothandiza. Choyamba, kusintha kuti isamalumphe ndi 100% nthawi imodzi, kuchoka pa 100% kufika pa 200%, koma izikwera ndi 25%. Chachiwiri, Ctrl, Alt ndi L, zimene zimaisandutsa kagalasi koyenda ndi mausi, kwina konse kuli chimodzimodzi. Ndimaitsegula pa chikalata chojambulidwa chimene zilembo zake n'zofufutika, kapena pa nambala yaitali imene sindikufuna kuphonya, n'kuitsekanso.

Ndikalumikiza laputopu ku sikirini yaikulu, Windows imalola kuti iliyonse ikhale ndi Scale yake. Yaikuluyo ndinaisiya pa 100%, ya laputopu pa 150%, ndipo sindinazikhudzenso.