Ma extra a Hisitole ku Mabvuku, mwana wanga wayamba kumvetsa za Berlin

Makolo anzanga a kuno ku Harare amene ana anu akulemba mayeso a ZIMSEC a fomu 4 ndipo Hisitole ikuwazunza, makamaka mbali ija ya mayiko akunja, ndati ndikuuzeni za ma extra amene mtsikana wanga akupita ku Mabvuku chiyambire temu yatha. Dzina la aphunzitsiwo sinditchula poti sindinawapemphe, koma ndi bambo wachikulire amene anapuma ntchito yauphunzitsi, makolo awo anachokera kumudzi ngati ambiri a ife, ndiye Chichewa amachilankhula bwinobwino ndipo m'kalasi amasakaniza ndi Chishona ndi Chizungu kuti mwana asatsale m'mbuyo. Amaphunzitsira mu galaja kunyumba kwawo, Loweruka m'mawa ndi madzulo ena mkati mwa sabata, madola 15 pa mwezi, EcoCash amalandira.

Kwa ine ndalamayi sikupita pachabe. Mwanayu kale ankaloweza Yalta, Potsdam, NATO, zaka zonse ali nazo m'mutu koma ukamufunsa kuti nanga America ndi Soviet Union anamenya Hitler limodzi bwanji anadana nkhondo itangotha, ankangokuyang'ana. Pano amayankha, mpaka kutsutsana ndi bambo ake pa nsima.

Loweruka lina ndinakhala kumbuyo pa benchi kumudikira ndiye ndinaona ndekha kaphunzitsidwe kawo. Anawagawa ana m'magulu atatu, awa a Stalin, awa a Truman, awa a Britain, n'kuwauza kuti tsopano muli ku Potsdam mu July 1945, Germany yagonja mu May, kambiranani. Koma asanayambe anawakumbutsa kuti anthu atatu amene anagwirizana ku Yalta mu February si omwewo, Roosevelt anamwalira mu April, Churchill analuza chisankho msonkhano uli mkati n'kulowa Attlee, wotsala anali Stalin yekha, komanso Truman atangofika anauzidwa kuti bomba la atomiki layesedwa ndipo lagwira ntchito, ndiye mtima unali m'malo. Kamtsikana kena ka gulu la Stalin kanaimirira n'kunena kuti ife tataya anthu oposa 20 miliyoni ndipo adani amadzera ku Poland, tikufuna boma la ku Poland likhale lotimvera ndipo Germany ilipire. Mnyamata wa Truman akuti ayi munalonjeza chisankho chaufulu. Phokoso linalipo ndithu. Aphunzitsi anangowasiya kanthawi kenako n'kunena kuti mwaona, aliyense ali ndi mantha ake enieni, zili ngati abale amene ayamba kulimbirana chuma cha masiye maliro asanaikidwe. Ana onse anamva pompo.

Pamene anandigwira mtima kwambiri ndi pa Berlin. Anajambula Germany pa bolodi, n'kuidula zigawo zinayi ndi choko cha mitundu, cha America, Britain, France ndi Soviet Union, kenako mkatikati mwa chigawo cha Soviet anaika kabwalo kakang'ono n'kukadulanso panayi, akuti uyu ndi Berlin, yang'anani pamene ali, msewu uliwonse ndi njanji iliyonse yopita kumeneku ikudutsa m'manja mwa Stalin. Ndiye anafotokoza kuti mu 1947 Truman analengeza zothandiza Greece ndi Turkey kuti chikomyunizimu chisafalikire, Marshall Plan inabwera ndi madola pafupifupi 13 biliyoni omangiranso Ulaya ndipo Stalin analetsa Poland ndi Czechoslovakia kulandira nawo. Chimene chinaphulitsa zinthu mu June 1948 chinali ndalama yatsopano, Deutsche Mark, imene azungu akumadzulo anayambitsa m'zigawo zawo. Apa sanavutike n'kufotokoza, mwana wa ku Harare amadziwa bwino zimene zimachitika pa msika ndalama ikasintha, anangofunsa kuti mzinda umodzi uli ndi ndalama ziwiri, ina yodalirika ina ayi, anthu athamangira iti? Stalin anatseka misewu, njanji ndi ngalande, a kumadzulo anayamba kutumiza chakudya ndi malasha pa ndege. Stalin anatsegula njira mu May 1949 koma ndege zinapitiriza mpaka September, katundu yense woposa matani 2 miliyoni. NATO, mgwirizano wa asilikali wa mayiko akumadzulo, inabadwa mu April chaka chomwecho, Germany n'kukhala mayiko awiri, Warsaw Pact, mgwirizano wa asilikali wa mbali ya Soviet, 1955, khoma la Berlin 1961. Zaka zimenezi mwana akuzikumbukira tsopano chifukwa akudziwa chinabala chinzake ndi chiti.

Chinanso amachita bwino n'chakuti nkhani sathera ku Ulaya. Amawauza kuti asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenya nkhondo mpaka ku Burma, koma pamene United Nations inkakhazikitsidwa mu 1945, pa mayiko 51 oyambitsa a mu Africa anali anayi okha, Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa, ndipo mphamvu ya veto, yoletsa chigamulo cha Security Council, anagawana asanu, America, Soviet Union, Britain, France ndi China. Mpaka lero Africa ilibe mpando wokhazikika ku Security Council ngakhale African Union inapempha mipando iwiri ku Ezulwini, m'dziko la Swaziland (pano Eswatini), mu 2005. Amawaonetsanso kuti mkangano womwewo unafika kuno, ZAPU inkathandizidwa ndi Soviet Union, ZANU ndi China, msonkhano wa mayiko osalowerera mbali unachitikira mu Harare muno mu 1986, ndipo mu 2008 Russia ndi China anagwiritsa ntchito veto kuletsa zilango za UN pa Zimbabwe. Ndinkaopa kuti mwina alowetsa ndale za zipani m'mitu ya ana, koma ayi, amangoika zimene zinachitika n'kumufunsa mwana kuti iwe ukuona bwanji, perekanso umboni.

Zodandaula zilipo ndipo ndinawauza pamaso. Nkhani za pambuyo pa 1945 amazikonda mopitirira, ndiye pangano la Versailles la 1919 ndi League of Nations, bungwe la mayiko limene linalipo UN isanabwere, anangodutsamo mothamanga, chonsecho mafunso amenewa amabwera pa mayeso. Mwana wanga akudziwa kuti Germany analamulidwa kukhala ndi asilikali 100,000 okha ndipo analandidwa Tanganyika, koma za kulephera kwa League ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1935 akadali wofooka, tikuchita kuwerenga naye kunyumba. Ma essay amachedwa kuchonga, nthawi zina mwana amalemba ina yoyamba isanabwere, ndiye cholakwika chomwecho amachibwereza. Manotsi amatumiza pa WhatsApp ngati zithunzi za kope lawo lolemba pamanja, zina zosawala bwino, pa foni yaing'ono maso amawawa. Galajayo ndi yopapatiza, ana akachuluka ena amalembera pa ntchafu, ndipo magetsi akathima kalasi yamadzulo imathera panjira chifukwa nyali ya sola ndi imodzi.

Anandiyankha mwaulemu kuti temu ino ayambiranso Versailles ndipo achepetsa ana pa gulu lililonse kuti azichonga msanga, ndiye ndikuyembekeza kuona. Ngati mwana wanu akufuna wongomupatsa mayankho oloweza mwezi umodzi mayeso asanafike, kumeneku sikumuthandiza, mutumizeni akadali fomu 3 kapena kumayambiriro kwa fomu 4. Okhala ku Tafara atha kuyenda wapansi, a ku Mbare kapena Highfield muwerengerenso ya kombi ziwiri, ndipo mwana atenge atlasi yake chifukwa aphunzitsiwa salola munthu kutchula Poland asanailoze pa mapu.