Pulambala wosasunga nthawi koma suweji amaidziwa

Ndiyambe ndi zondinyasa kaye. Bambowa nthawi sasunga olo pang'ono. Tinapangana 8 koloko m'mawa, ya thiransipoti ndawatumizira kale pa Airtel Money, iwo kudzatulukira dzuwa litapendeka, foni osayankha, kufika opanda ndi pepani yemwe. Apo nkuti chimbudzi chathu ku Area 25 kuno ukagejemula madzi akukwera mpaka pakamwa, kubafa kukubwerera zakuda zija, fungo mpaka aneba kumatseka mawindo.

Asanabwere iwowa kunabwera anyamata a galimoto yopopa, akuti seputiki yadzadza, anapopa, ndalama zake mukuzidziwa nokha mmene zakwerera, sabata isanathe vuto lomwe lija. Amenewo nde sindidzawakhululukira, anatsegula okha thanki nkuona mmene inalili koma anapopabe bola alandire zawo.

Bambowa sanathamangire kukumba ayi. Anavundukula mamanihoo onse, nkumuuza mnyamata wawo akathire ndowa ya madzi m'chimbudzi iwo atanjuta pa manihoo ya pafupi ndi thanki. Madzi osafika, kumangodontha. Akuti "Mayi, thanki yanu ilibe mlandu, sokawe, dzenje lomwe limamwa madzi otuluka m'thankimu, nayonso ikumwa bwinobwino, matenda ali pakati apa." Analowetsa ndodo zawo zolumikiza zija mpaka zinakakamira, nkuzitulutsa, kuziyala pansi kuyeza mtunda, zinakathera patsinde pa mango wathu. Kukumba pompo, paipi ya 110mm yopita kuthanki ija inang'aluka pajoini, mizu inalowa nkupotana mkatimo ngati wigi, itakola mawaipsi a mwana ndi tinsanza, zomwe anasolola abale ine ndinachita kuthawira kukhitchini, mnyamata ujanso amalavula malovu cham'mbali koma iwo ali phee akusolola ndi manja. Akuti mizu imalondola chinyontho, kamng'alu kakang'ono basi yalowa, komanso amene anamanga nyumbayi anayala paipi mosatsetsereka mokwanira nde zinthu zimangokhazikika pamalo omwewo.

Anadula gawo lonselo, kuika ina, pansi kuyala mchenga, kuyesanso ndi ndowa ndisanafunse nkomwe. Anatiletsanso kumathira bulitchi wambiri m'chimbudzi poti amapha tizilombo tomwe timawoletsa zonyansa m'thankimo, zimene opopa aja sanatiuzepo.

Mtengo unakwera pakati pa ntchito, akuti masoketi olumikizira mapaipi ndi guluu sanawerengere, zinandibhowa kwambiri, mnyamata wawo anandiponderanso mpiru ndipo dothi lotsala anangosiya mulu ndinachita kufosholera ndekha. Koma chilungamo chake mvula yonse yapitayi chimbudzi sichinabwezepo, fungo zii. Mango aja akuti tidule, apo tikukanganabe ndi abambo akunyumba. Aitaneni ndithu, koma ya thiransipoti muwapatse akafika pageti.