Jakisoni wa adalimumab pa matenda a Crohn: ndampatsa nyenyezi 4 mwa 5

Tsiku limene adokotala anatchula mankhwalawa ndinasakasaka munthu wa kwathu amene anawagwiritsapo ntchito, koma sindinamupeze. N'chifukwa chake ndalemba izi. Ndinabadwira ku Zomba, pano ndimakhala ku England, ndipo ndatha zaka ziwiri ndikudzibaya adalimumab chifukwa cha matenda a Crohn, amene amatupitsa matumbo ndi kuchititsa zilonda.

Ndisanayambe, ndinkathamangira kuchimbudzi maulendo 7 kapena 8 pa tsiku, nthawi zina ndi magazi. Ndinaonda mpaka masiketi onse ankavuka okha. Prednisolone ankathandiza, koma ndikangochepetsa mapiritsi matenda ankabwerera, nkhope inatupa, tulo ndinkangotimvera kwa anzanga. Azathioprine ankandichititsa nseru tsiku lonse.

Adalimumab ndi antibody (puloteni ya chitetezo cha m'thupi) yopangidwa ku labotale, imene imakagwira puloteni yotchedwa TNF-alpha. Anesi anandifotokozera kuti TNF ndi imodzi mwa ma cytokine, amithenga amene maselo a chitetezo cha m'thupi amatumizirana. Ine ndimaiona ngati ng'oma yoitanira anthu kunkhondo. Mwa ife a Crohn ng'omayo siileka kulira ngakhale mdani palibe, ndiye asilikali amayamba kugwetsa mudzi wawo womwe, matumbo n'kumatupa ndi kuchita zilonda. Jakisoniyu amakatontholetsa ng'omayo.

Apa ndi pamene ndikufuna abale obadwira ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amvetsetse. TNF yomweyo ndi imene imathandiza thupi kutsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu mumpanda kuti tisayende. Ambiri a ife tinakulira pakati pa TB, ndipo tizilomboto tikhoza kugona m'thupi zaka zambiri munthu osatsokomola n'komwe. Mukatontholetsa TNF, mpanda uja umagumuka, TB n'kudzuka, mwinanso kufalikira kunja kwa mapapo. Choncho asanandipatse jakisoni woyamba anandijambula X-ray ya pachifuwa, ananditenga magazi a IGRA (oyezera TB yogona), a hepatitis B ndi a HIV. Wa IGRA unaonetsa kuti TB yogona ndili nayo. Ndinalira m'galimoto tsiku limenelo, chifukwa ndinali nditatopa ndipo zimenezi zinatanthauza kudikiranso. Anandipatsa rifampicin ndi isoniazid a miyezi 3, aja amasandutsa mkodzo kukhala wa mtundu wa lalanje. Lero ndimathokoza kuti sanathamange. Ndipo ngati munakulira kwathu, nenani zimenezo kwa adokotala musanafunsidwe, pakuti TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn.

Kabayidwe kake n'kosavuta. Tsiku loyamba ndinalandira 160 mg, patatha milungu iwiri 80 mg, kuyambira pamenepo 40 mg milungu iwiri iliyonse. Amabwera mu peni yodzaza kale, singano simuiona. Mumakanikiza pantchafu kapena pamimba motalikira ndi mchombo, imalira kuti tha, mumagwira pang'ono mpaka mankhwala athe, basi. Ndimaitulutsa mufiriji mphindi 30 ndisanabaye, chifukwa yozizira imaluma.

Zotsatira zake ndi zimene zandilembetsa ndemanga ino. Pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi magazi anasiya, kuchimbudzi ndinkapita kawiri. Calprotectin, chimene amayeza m'chimbudzi pofuna kudziwa ngati matumbo atupa, inatsika kwambiri. Patatha chaka anandilowetsa kamera m'matumbo, zilonda zambiri zinali zitapola. Prednisolone ndinasiya. Ndinabwerera ku ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo kutchalitchi ndimakhala mpaka mapemphero athe, osati pampando wa pakhomo monga kale. Nsima ndikudya bwinobwino. Nyemba ndi chimanga chokazinga zokha ndizo zimandivutabe.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa izi. Pobayapo pamafiira ndi kuyabwa masiku awiri. Chimfine chikandigwira chimachedwa kuchoka, ndipo thupi likatentha ndimayenera kuimbira anesi ndisanabaye, nthawi zina jakisoni n'kuimitsidwa. Kampani yobweretsa mankhwala kunyumba inachedwapo masiku anayi, mtima unali m'mwamba. Koma chovuta kwambiri ndi firiji. Mankhwalawa amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, osaundana, ndipo kapepala ka peni yanga kamati kunja kwa firiji angakhale masiku 14 okha, kutentha kusapitirire madigiri 25. Ndinapita kumudzi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, magetsi akuzimazima. Ndinayenda ndi kachikwama kozizira ndi kalata ya adokotala, osaika mapeni m'katundu wa pansi pa ndege. Katemera wa tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever, sindiloledwa kulandira, ndiye ndisanagule tikiti ndimayang'ana kaye kuti ndege idutsira kuti, chifukwa ukadutsa m'maiko ena amafuna chiphaso cha katemerayo.

Za mtengo, dzina lodziwika kwambiri ndi Humira, koma kuyambira mu 2018 ku Ulaya kunabwera ma biosimilar, adalimumab wopangidwa ndi makampani ena, otsikirapo mtengo, ndipo ine ndili pa imodzi mwa amenewo kudzera ku NHS, zipatala za boma za kuno. Zimandiwawa kuganiza za munthu wa matenda ngati angawa amene alibe mwayi umenewu.

Adokotala anandiuza poyera kuti jakisoniyu sachiza Crohn, amangoigoneka, ndiponso thupi likhoza kuyamba kupanga ma antibody olimbana ndi mankhwalawo mpaka kusiya kugwira ntchito. N'chifukwa chake amanditenga magazi kuti aone kuchuluka kwa mankhwalawo. Zikadzatero akhoza kundisinthira kubaya mlungu uliwonse, kapena kundipatsa ustekinumab, amene amatseka ma cytokine ena otchedwa IL-12 ndi IL-23, kapenanso risankizumab wa IL-23 yokha. Pakali pano magazi anga ali bwino, ndipo peni yotsatira ndibaya Lachinayi ndikaweruka.